Funsani Ankolo: Kodi ndiwerenge buku lanji?

Mwezi watha ndinakupemphani kuti munditumizire mayina a mabuku amene anakugonekani mochedwa, aja oti batire la foni mpaka kutha ukuunikira tsamba, tambala nkulira iwe ukadali maso kufuna kudziwa kuti zitha bwanji. Ndimayesa abwera makalata awiri kapena atatu basi, koma mwandidzidzimutsa. Ena mwatumiza mabuku anu apamtima, ena mafunso, ena mwangobwera kudzadandaula za anzanu obwereka osabweza. Onse sangakwane pano nde ndangotolako awa.

FUNSO: Ankolo ine ndinalemba Fomu 4 chaka chatha ndipo ndingoulula, kupatula mabuku a mayeso sindinamalizepo buku ngakhale limodzi, ndikangofika peji 5 tulo basi. Panopa ndangokhala pakhomo ndikudikira za kukoleji, ndiyambe ndi liti loti lisandigoneke? Mnyamata wa ku Ndirande.

YANKHO: Mphwanga usadzione ngati wodwala, tulo timeneto tinabwera chifukwa buku lililonse lomwe unagwirapo linali ndi mayeso kumbuyo kwake, nde mutu unazolowera kuti buku ndi chibalo. Yamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba, analemba mothandizana ndi Bryan Mealer ndipo linatuluka mu 2009. Ndakusankhira limeneli chifukwa mulibe chachilendo choti uzivutika kuchiona m'maganizo. Ndi mwana wa ku Wimbe ku Kasungu, njala ya 2001 ndi 2002 ija inagwera banja lawo mpaka kumadya kamodzi patsiku, fizi ya kusekondale inasowa nkusiya sukulu ali ndi zaka 14. Ndiye mmalo mongokhala pa shopu anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, nkupezamo buku la za magetsi, Chingelezi chake samachimva bwino koma ankatsatira zithunzi, mpaka anamanga chimakina chopukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakutha ya bambo ake, mapaipi, zitsulo zotola kudzala ndi mitengo ya bulugamu. Anthu m'mudzi ankati wapenga. Mwina filimu yake ya 2019 unaionera, koma gawo la njala lija m'bukumo ndi lina, ukaliwerenga ukawafunse amayi ako kuti chaka chimenecho ankadya chani, muchezera usiku.

Ukamaliza usake I Will Try la Legson Kayira, la 1965. Bambo ameneyu ananyamuka kwawo kumpoto cha ku Chitipa mu 1958 wapansi, opanda nsapato, akuti akukafuna sukulu ku America, m'manja muli kankhwangwa, Baibulo ndi buku lina limodzi. Anayenda zaka ziwiri kudutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka Khartoum ku Sudan, akumaima kugwira maganyu panjira, ndipo sukuluyo anakaipezadi ku Skagit Valley College, kenako mpaka ku Cambridge. Dzina la bukulo ndi mawu omwe anali pa yunifolomu ya sukulu yake ku Livingstonia. Limeneli likakugonekanso ndilembere, tikambe zina.

FUNSO: Ine sindikufunsa kwenikweni Ankolo, ndikufuna ndiuze anzanga awerenge mabuku athu a Chichewa. Malemu bambo anga anasiya thiranki yodzaza mabuku ndipo pa holide ndinawerenganso Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo a John Gwengwe, ndinachita kuiwala ndiwo pamoto. Koma chondiwawa ndi choti ana a m'kalasi mwanga sakuwadziwa ndipo m'mashopu sakuoneka. Anapita kuti mabuku amenewa? Mayi mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo thirankiyo muisamale kuposa mbuzi, muziyang'anamo chiswe ndi mphemvu chifukwa zomwe zili mmenemo ena akuzisaka ndi ndalama osazipeza.

Pa mndandanda wanuwo ndionjezerepo gogo wa onse, Nthondo la Samuel Josia Nthara, amene anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingelezi nkulitcha Man of Africa. Taganizani, nthano yayitali ya m'chilankhulo chathu ikuwerengedwa ku Ulaya agogo athu ambiri asanaoneko nkomwe galimoto. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wovuta, ulendo wokafuna ntchito kunja, kubwerako, ufumu, mpaka kutembenuka mtima. Kumapetoko ine ndimaona kuti fungo la mishoni lachuluka, zikuchita kuoneka kuti wolembayo akufuna tonse tikathere kutchalitchi, koma mmene amafotokozera moyo wa pamudzi, milandu ya pabwalo, maliro, kalankhulidwe ka akuluakulu, simungazipeze pena. Nthara yemweyo ndi amene analembanso Mbiri ya Achewa.

Kenako kunabwera gulu lina lija ambirife tinakula nalo. Willie Zingani ndi Njala Bwana komanso Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta komanso Ikakuona Litsiro Sikata, mitu yokhayo mwambi kale usanatsegule nkomwe. Awa ankalemba za m'tauni, za ntchito, za chikondi chosokonekera, Chichewa chake chothamanga ngati mmene timayankhulira pa depoti. Okonda ndakatulo asake Kuimba kwa Mlakatuli la Benedicto Wokomaatani Malunga, koma limenelo musamawerenge chamumtima, muziwerenga mokweza ngati mmene ankalakatulira pa wailesi, apo ndi pomwe limakoma. Ndipo poti ndinu mphunzitsi, buku la miyambi 2000 ya Chinyanja lomwe anasonkhanitsa malemu bambo J.C. Chakanza likuyenera kukhala pa tebulo lanu, mwambi umodzi patsiku ana aja chaka chikamatha adzakhala anthu ena.

Za komwe anapita, nkhani yake ndi ya msika. Wosindikiza mabuku kuno amayang'ana kaye ngati bukulo lili pa silabasi, chifukwa akudziwa kuti masukulu agula mazanamazana. Likangochoka pa silabasi basi salisindikizanso, makope otsala amathera m'mathiranki ngati yanuyo, ena anakulungira mandasi ndi usipa kalekale. Pepala ndi inki zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja zomwe zikusowazi, nde buku likatuluka mtengo wake munthu amayerekeza ndi thumba la chimanga nkubwerera pakhomo. Komabe yesani ku National Library Service, likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe ndipo nthambi zilipo ku Blantyre, Mzuzu ndi maboma ena, yesaninso mashopu a CLAIM Mabuku, komanso anyamata oyala mabuku pansi m'mbali mwa misewu ku Limbe ndi ku Old Town musamawadutse, nthawi zina pansi pa mulu wa mabuku a masamu pamatuluka chuma. Ndikupempheninso kanthu kamodzi, Lachisanu lililonse muziwawerengera ana anuwo mutu umodzi wa Sikusinja mphindi khumi zomaliza, nkusiyira pokoma penipeni. Muona okha akubwera kudzabwereka.

FUNSO: Ankolo ndili kuno ku Joni ndimagwira ntchito ya m'nyumba, Lamulungu ndimakhala ndekha nde ndimafuna zowerenga. Ndili mtsikana ndinkakonda ma Pacesetters aja tinkabisa mkati mwa buku la Biology. Ndikufuna zachikondi koma osati zija zoti mwamuna ndi bilionea mkazi ndi sekilitale ayi, zatopetsa. Mayi wa ana awiri, Johannesburg.

YANKHO: Chemwali mwandikumbutsa kutali, timabuku tija a Macmillan tinkayenda m'manja mpaka chikuto kuthothoka, ukalandira peji yomaliza palibe, nkumakafunsa amene anawerenga kale kuti zinatha bwanji. Mwa olemba ake munalinso mayi wa kwathu konkuno, Walije Gondwe, amene analemba Love's Dilemma.

Poti mwakula tsopano, tengani So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal. Ndi kabuku kowonda, Lamulungu limodzi mutha kukamaliza. Lonse ndi kalata imodzi, mayi wina dzina lake Ramatoulaye ali pa chisoni cha mwamuna wake akulembera mnzake wapamtima, kumufotokozera mmene bambowo atakhala naye zaka zambirimbiri nkubereka naye ana 12 anakakwatira kamtsikana kena, mnzake wa mwana wawo yemwe. Mulibe kukuwa, mulibe kutukwana, koma mawu ake amalowa ngati minga. Amayi ambiri omwe ndinawabwereka amabweza akupukusa mutu, amvekere zimenezi si za ku Senegal zokha.

Lakwathu ndi Sugarcane with Salt la James Ng'ombe, la 1989. Mnyamata wapita ku England kukaphunzira udokotala, wakhalako zaka zisanu ndi zitatu, pobwera akupeza banja la makolo ake linasweka, bwenzi lomwe analisiya kuno lilipo, komanso kunjako wasiyako mzungu. Inu amene muli kutali ndi kwanu mulimva bwino kuposa ife, nkhani ija yoti umabwerera kumudzi ukuyesa upeza zinthu mmene unazisiyira. Lachitatu si lachikondi kwenikweni koma ndikukakamizani, Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la 1988, za mtsikana Tambu amene analima kamunda kake ka chimanga kuti apeze fizi poti ndalama za pakhomo zinkapita kwa mchimwene wake. Ngati mwa ana anu awiriwo muli mtsikana, mudzamupatse akafika Fomu 2. Komwe muliko malaibulale a mzinda alipo ambiri, kafunseni za khadi pa yomwe muli nayo pafupi.

FUNSO: Bambo mkonzi, ine ndine wopuma pantchito ndipo zimandikhumudwitsa kumva achinyamata akunena kuti nthawi ya chipani chimodzi zonse zinali bwino poti buledi anali wotchipa. Ndikupempha awerenge And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje ndi Fearless Fighter la Vera Chirwa. Komanso mundiuzeko buku limodzi lofotokoza mbiri ya dziko lino mwadongosolo. Bambo wa ku Zomba.

YANKHO: Zikomo bambo, mwasankha bwino ndipo ine ndingothirirapo ndemanga kuti achinyamatawo adziwe chomwe akukatenga. A Mapanje anali mkulu wa dipatimenti ya Chingelezi ku Chancellor College komweko kwanuko, anamangidwa mu 1987 nkukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osaimbidwa mlandu, osaonekera kukhoti, osauzidwa nkomwe chomwe alakwa. Ndakatulo zawo za mu Of Chameleons and Gods za 1981 zinali zitachotsedwa kale m'mashopu. Chodabwitsa ndi choti buku la kundendelo, lomwe linatuluka mu 2011, muli malo ena oti umaseka, mmene akaidi ankazembetsera timakalata ndi kupusitsa oyang'anira, kenako nkudzidzimuka kuti kodi ndikuseka chani.

La mayi Chirwa ndi lolemera mwina. Loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, anagwidwa limodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa pa 24 Disembala 1981, khoti la makolo nkuwagamula kuti aphedwe, chilangocho chinasinthidwa kukhala moyo wonse kundende. Atagamulidwa anakhala m'ndende imodzi ya Zomba zaka zambiri koma osaonana, kupatula kamodzi kokha chakumapeto, a Orton nkumwalira momwemo mu 1992, mayiwo anatuluka mu Januwale 1993. Koma bambo, achinyamatawo musawakalipire kwambiri, iwo akuyankhula za mtengo wa buledi chifukwa ndi umene ukuwapweteka lero, ingowapatsani bukulo aziweruza okha. Amene mbiri yeniyeni imawalemera ayambe ndi nthano ya Tiyambe Zeleza, Smouldering Charcoal ya 1992, mmene mtolankhani ndi munthu wogwira ntchito ku bekale, anthu oti sakanadziwana, akukakumana chifukwa cha sitalaka nkuthera limodzi m'ndende. Dziko silikutchulidwa dzina koma palibe Mmalawi angasochere.

Za mbiri mwadongosolo, A History of Malawi 1859-1966 la John McCracken, la 2012. Ndi chibuku cha masamba oposa 400 ndipo mtengo wake si wamasewera, nde ndi la ku laibulale, muziwerenga mutu umodzi pa sabata ngati mankhwala. Limayambira pomwe Livingstone anafika kuno mpaka dziko litakhala lipabuliki, za thangata, za fodya, za anthu opita ku migodi, za chitaganya, za chisokonezo cha nduna cha 1964, zonse zilimo. Mukafuna za Chilembwe yekha ndi kuukira kwa Januwale 1915, ndiye Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price, lakale, la 1958, koma mpaka pano aliyense wolemba za Chilembwe amayambira pamenepo.

FUNSO: Ankolo ine za nthano ayi, ndilibe nthawi, ndimagulitsa zovala za kaunjika. Mnzanga wanditumizira Rich Dad Poor Dad pa WhatsApp akuti ndikawerenga ndilemera. Zoona? Wa geni, Mzuzu.

YANKHO: Aise, mnzakoyo analemera? Werenga, silikuluma, mfundo yake yaikulu yoti usiyanitse chinthu chokubweretsera ndalama ndi chokudyera ndalama ndi yabwino ndithu. Koma Robert Kiyosaki ankalembera anthu a ku America mu 1997, kumene munthu umakatenga ngongole ya nyumba kubanki pa chiwongoladzanja chochepa nkumabweza zaka makumi atatu. Kayese zimenezo kuno uone. Ine ndikadakupatsa The Richest Man in Babylon la George Clason, lakalekale la 1926, timitu take ndi tinthano tifupitifupi toti uwerenga uku ukudikira kasitomala, ndipo phunziro lake ndi lomwe amayi a banki m'khonde akulidziwa kale, pa ndalama khumi zilizonse imodzi ndi yako, usaidye. Chokhacho, ku Babuloko kunalibe zoti kwacha yagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi ngati zinatichitikira mu Novembala 2023, nde gawo lakhumilo usaliike pansi pa matiresi, lisandutse belo ina kapena mbuzi. Ndipo zoti nthano ndi kutaya nthawi ndakana, wogulitsa malaya amayenera kudziwa mtima wa munthu kuposa wina aliyense.

FUNSO: Ndine mlonda, ndimagwira usiku pa kampani ina ku Kanengo. Ndikufuna mabuku oti andithawitsire tulo, za upandu kapena zoopsa. Mlonda, Lilongwe.

YANKHO: Achimwene, And Then There Were None la Agatha Christie, la 1939. Anthu khumi aitanidwa pa kachilumba, akufa mmodzimmodzi, wakuphayo ali pakati pawo pomwepo ndipo boti lothawira palibe. Tulo simutiona, kungoti mphaka akadumpha pa mpanda mutha kuliza wezulo. My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite wa ku Nigeria, la 2018, mitu yake ndi ya peji imodzi kapena ziwiri, za nesi wa ku Lagos amene ntchito yake ina ndi kukolopa magazi mng'ono wake akapha chibwenzi. Mukafuna lofatsa loti mumwere tiyi cha m'ma 3 koloko, The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, za mayi Ramotswe wa ku Botswana amene anagulitsa ng'ombe za malemu bambo ake nkutsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone, milandu yake ndi yathu yomwe ija, mwamuna wasowa, wantchito akuba, bambo wabodza watulukira kudzadyera mwana. Palinso Mmalawi, Shadreck Chikoti, amene analemba Azotus the Kingdom, nkhani yochitika mu Africa zaka 500 kutsogoloku, kwa amene amati ife za mtsogolo sitilemba. Koma muzidzutsako mutu nkuzungulira mpanda, ndisadzamve kuti katundu anatuluka inu muli pa chilumba.

FUNSO: Ankolo mlamu wanga anabwereka Things Fall Apart yanga chaka chatha, ndikafunsa amati akumaliza. Pano ndamva kuti anabwereketsanso kwa wina ku tchalitchi kwawo. Nditani poti ndi mlamu? Wodandaula, Balaka.

YANKHO: Pepani, matenda amenewa ali m'banja lililonse. Ine ndinataya mabuku okwana katoni yathunthu mwanjira imeneyi, lina ndinakalipeza patatha zaka zinayi pa nyumba ya munthu woti sindimudziwa nkomwe, dzina langa lili pachikuto, mwini nyumbayo nkumandiuza kuti ndi labwino kwambiri ndidzabwereke tsiku lina. Buku la Chinua Achebe limenelo lili ndi masamba osafika 250, munthu sangakhale akumaliza chaka chathunthu, Okonkwo yemwe uja, mwini nkhani m'bukumo, atathamangitsidwira kwawo kwa amayi ake anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri koma anabwerako.

Poti ndi mlamu musapite ndi nkhope ya ngongole. Pitani kukacheza, mudye nsima, potsanzika muwauze kuti pali buku lina lokoma kuposa lija, Half of a Yellow Sun la Chimamanda Ngozi Adichie, la za nkhondo ya Biafra ku Nigeria, koma lamulo lanu latsopano ndi loti buku limatuluka lina likalowa. Muona Lamulungu lomwelo akalilondola kutchalitchiko. Ine masiku ano ndili ndi kope la masamba 40 lomwe ndimalembamo dzina, buku ndi tsiku, wobwereka amasayina yekha, ngakhale abusa anasayinapo. Ndipo likabwerako mulembe dzina lanu pa peji 1, peji 50 ndi peji 100, chifukwa peji yoyamba yokha amang'amba.